YANKHO LA OTSUTSA LILI PA MJIGO WA KU MBULUMBUZI

Nthawi iliyonse imene Nyumba ya Malamulo yakumana ku Lilongwe, pamakhala mafunso anayi amene salephera kumveka kuchokera ku mipando ya mbali yotsutsa boma. Loyamba limakhala la nyumba zogonamo anthu, lachiwiri la madzi akumwa, lachitatu la nkhalango ndi nthaka zimene zikutha, ndipo lachinayi la zipatala, masukulu ndi ntchito zina zimene boma limagwirira anthu ake. Aphungu amaimirira mmodzimmodzi, nalankhula mokweza kuti boma lataya amphawi. Anzawo amamenya matebulo, ndipo madzulo ake wailesi imanyamula mawuwo kukawatula m'midzi. Amayi ogulitsa tomato ndi kabichi pa msika wa Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, amawamva mawuwo, ndipo kukacha amafunsa wapampando wa chipani wa m'dera lawo, kapena mlangizi wa boma amene wadutsa pa njinga, kuti kodi zimenezi n'zoona. Wapampandoyo ndi mlangiziyo ayenera kudziwa chimene adzayankhe.

Pali mayankho awiri amene amafulumira kufika pakamwa, ndipo onsewo ndi oipa. Loyamba ndi lonyoza, lonena kuti otsutsa ndi anthu a nsanje amene analephera pa chisankho, ndipo sayenera kumvedwa. Lachiwiri ndi lothawa, lonena kuti zimenezo amadziwa ndi akuluakulu a ku Capital Hill. Mayi amene wadzuka tambala woyamba kukaima pa mzere wa mjigo sakhutira ndi lililonse mwa mayankho amenewa, pakuti ndowa yake ikadali youma. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Otsutsa satsina khutu chifukwa cha chikondi ayi. Komabe khutu likatsinidwa, mwini wake wanzeru amayamba wayang'ana kumene akumulozera asanabweze dzanja. Mafunso anayi aja ndi oyenera kufunsidwa. Cholakwika chili pa mayankho amene ofunsawo amapereka, ndipo chipani cholamula chidzawagonjetsa pokhapokha chitayankha bwino kuposa iwo, pa malo enieni amene anthu akukhala.

KUMENE CHILANKHULOCHI CHINACHOKERA

Kalankhulidwe kameneka kali ndi dzina lake m'mayiko a kunja. Amati ndale za kumanzere. Dzinali linayamba ku France m'chaka cha 1789, pamene nthumwi zofuna kusintha zinthu zinkakhala kudzanja lamanzere la wapampando wa msonkhano, ndipo zoikira kumbuyo mfumu zinkakhala kudzanja lamanja. M'kupita kwa nthawi a kumanzere anayamba kuphunzitsa kuti nyumba, madzi, mankhwala ndi maphunziro zisakhale malonda, koma zikhale ngongole imene boma liyenera kubweza kwa nzika iliyonse. Ku South Africa chipani cha Economic Freedom Fighters cha Julius Malema, chimene chinakhazikitsidwa mu 2013, chinalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2014 aphungu ake atavala maovololo ofiira ngati anthu a ganyu. Ku Zambia kuli Socialist Party ya Fred M'membe. Kuno ku Malawi kulibe chipani chachikulu chimene chimadzitcha cha kumanzere, koma chilankhulo chake chilipo, ndipo chimabwerekedwa ndi aliyense amene wapezeka pa mipando yotsutsa.

Chilankhulochi si chachilendo m'dziko muno. Chinamveka m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, kumapeto kwa msewu womwewu wodutsa pa Mbulumbuzi, patangotha miyezi iwiri dziko lilandirire ufulu pa 6 Julayi 1964. Nduna zingapo, pakati pawo Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi, Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere, zinasemphana maganizo ndi Nduna Yaikulu, Dr. Hastings Kamuzu Banda. Pa madandaulo awo panali awiri okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku: tiki imene odwala ankayenera kulipira pa chipatala cha boma, ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Tiki inali makobiri atatu okha, koma kwa munthu wa kumudzi amene anali atangouzidwa kuti ufulu wafika, inali yolemera ngati mphero. Pa 7 Seputembala nduna zina zinachotsedwa, zina zinatula pansi udindo, ndipo pa 8 ndi 9 Seputembala Nyumba inakambirana nkhaniyo. Mathero ake ndi odziwika. Ndunazo zinathawira kunja kwa dziko, mu 1966 Malawi anakhala wa chipani chimodzi, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 funso la madzi kapena la mankhwala linkafunsidwa monong'ona.

Ofunsa anachoka, koma funso linatsala, pakuti mlandu suwola. Linatulukiranso pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo pamene malamulo aakulu a dziko lino ankalembedwa mu 1994, funsolo linalowa m'menemo. Gawo 13 likulamula boma kusamalira umoyo wa anthu, chilengedwe ndi moyo wa kumidzi. Gawo 30 likupatsa munthu aliyense ufulu wa chitukuko, ndipo likutchula maphunziro, zaumoyo, chakudya ndi pogona. Motero phungu wotsutsa akafunsa za mjigo, akufunsa chimene malamulo a dziko anamuloleza. Membala wa chipani amene angaganize zomutseka pakamwa akumbukire chimene chinachitikira iwo amene anayesapo kutero.

Akumbukirenso kuti mipando ya m'Nyumba ya Malamulo imasinthana eni ake. Pa chisankho cha mu Juni 2020, mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni, unalonjezanso kulumikiza madzi ndi magetsi m'nyumba za anthu kwaulere. Utalowa m'boma unapeza kuti paipi ili ndi mtengo wake. Mitengo ya madzi inakwera, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la simenti ndi lata zinathawa m'manja mwa munthu wamba. Pa 16 Seputembala 2025 anthu anaweruza, nabwezera Pulofesa Arthur Peter Mutharika ndi chipani cha Democratic Progressive m'boma. Koma membala wokhulupirika sayenera kuiwala kuti pakati pa 2020 ndi 2025 mafunso anayi omwewa ankatuluka pakamwa pa aphungu a chipani chake. Amene anawafunsa dzulo sangawatche opusa lero. Anthu anamva, anakhulupirira, anavota, ndipo tsopano akudikira.

CHINGWE CHIMODZI

Kuti munthu aone pamene otsutsa akuphonya, atsike basi pa Mbulumbuzi, ayang'ane phiri la Chiradzulu ndi midzi imene yalizungulira. Chinthu choyamba chimene adzaone ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, kutanthauza anthu oposa 450 pa kilomita imodzi ya mbali zonse zinayi. Kupatula zilumba za Likoma ndi mizinda, palibe boma lina lothinana chotere. Kuthinanaku kuli ndi mbiri yake. Nthaka yabwino ya kuno inagwa m'manja mwa atsamunda kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa esiteti ya Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa nthaka, ndipo mkwiyo wa thangata ndi umene unadzutsa John Chilembwe wa ku Mbombwe mu Januwale 1915. Thangata inatha, koma dziko silinakule. Munda umene gogo analima yekha lero wagawidwa kwa zidzukulu khumi.

Banja latsopano likasowa malo, limakwera m'phiri kapena limatsikira m'khwawa. Likafuna nyumba yolimba, limaumba njerwa. Njerwa zimafuna uvuni, ndipo uvuni umadya mitengo ikuluikulu imene inatenga zaka makumi kuti ikule. Kuphika nakonso kumafuna nkhuni, pakuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba a makala amene amakwera njinga kulowera ku Limbe ndi ku Blantyre amachokera m'mapiri a maboma ozungulira. Phiri likavula, mvula siilowanso pansi. Imathamanga pamwamba, ikukokolola nthaka. Madzi akapanda kulowa pansi, chitsime chimaphwa msanga, ndipo mjigo umayamba kutulutsa mpweya m'mwezi wa Okutobala. Mjigo ukauma, mayi amabwerera ku mtsinje. Akabwerera ku mtsinje, mwana amatsekula m'mimba. Mwana akatsekula m'mimba, mzere wa pa chipatala umatalika ndipo mankhwala amatha mwezi usanathe. Nyumba, nkhalango, madzi ndi chipatala zamangidwa pa chingwe chimodzi, ndipo wokoka mbali imodzi amagwedeza zonse.

Chingwe chimenechi chinaonekera poyera m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anafika m'chigawo cha kumwera. Mvula inagwa masiku otsatizana osaleka, ndipo napolo anatsika m'mapiri. Ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba za ku Chilobwe. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, unakokoloka. Omwalira ndi osowa m'dziko lonse anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anasiya nyumba zawo nakakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi. Napolo si mlendo ku chigawo chino: anatsika ku Zomba mu 1946, anatsikanso ku Phalombe mu 1991. Mvula ya Freddy inali yoposa muyezo, ndipo ngakhale phiri lovala bwino likanagumuka malo ena. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo kumene anapeza nyumba zomangidwa m'njira yawo, anadutsa nazo. Namondweyo anapeza dziko lili kale m'maliro a kolera, imene inayamba mu Marichi 2022, nigwira anthu oposa 58,000, nipha oposa 1,700. Matenda amenewa ndi a madzi oipa ndi zimbudzi zosakwanira, ndipo palibe dokotala amene angawathetse ali m'chipatala.

Tsono tamverani mmene nkhani imodziyi imalankhulidwira m'Nyumba ya Malamulo. Mmodzi amaimirira, nati boma limangire nyumba aliyense wosowa, ndipo anzake amaomba m'manja. Wachiwiri amati asilikali a nkhalango aleke kulanda makala a amphawi, ndipo amaombanso m'manja. Wachitatu amati phiri latha chifukwa boma lagona. Wachinayi amati madzi akhale aulere. Wachisanu, pa tsiku la bajeti, amati misonkho yachuluka, itsitsidwe. Mawu aliwonse paokha ndi okoma kumva, koma palibe amene amawaphatikiza. Nyumba zambiri zomangidwa ndi njerwa zootcha ndi nkhalango yochepa; makala osaletsedwa ndi phiri lovula; madzi aulere pamodzi ndi misonkho yotsika ndi paipi yophulika yosowa woikonza. Walira mvula walira matope. Wotsutsa ali ndi mwayi wotchula mvula yokha, koma wolamula amayenera kuyenda m'matopemo.

ZAULERE ZILI NDI MWINI WAKE WOLIPIRA

Palibe chinthu chaulere chimene chilibe wochilipira kwinakwake. Madzi a mu mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ulendo wa makilomita pafupifupi 40 wokwera mtunda, ndipo gawo lalikulu la mtengo wake ndi magetsi oyendetsa mapampu. Pofuna kuchepetsa mtolowu, boma linabwereka madola 23.5 miliyoni ku Exim Bank ya ku India, nilitenga madzi a mu mtsinje wa Likhubula ku Mulanje kuwatsitsira ku Nguludi, m'boma lomweli la Chiradzulu, kumene amayeretsedwa. Ntchitoyo inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Madziwo amatsika okha, koma ngongoleyo siidzibweza yokha, ndipo mtsinjewo udzakhala ndi madzi malinga ngati phiri la Mulanje likhala ndi mitengo. Phungu wonena kuti madzi akhale aulere anene poyera amene adzalipire magetsi, mankhwala oyeretsera madzi, ngongole ndi alonda a nkhalango.

Amalawi amene amagwira ntchito ku Johannesburg angathe kuchitira umboni. South Africa inayamba mu 2001 kupereka malita 6,000 aulere pa mwezi kwa banja, ndipo kuyambira 1994 inamangira amphawi nyumba mamiliyoni. Zimenezi zinathandiza anthu ambiri, ndipo palibe chifukwa chozinyozera. Komabe m'dziko la chuma chotero mipopi ya m'madera ena imakhala youma masiku angapo chifukwa mapaipi anakalamba osakonzedwa, ndipo mu 2023 kolera inapha anthu ku Hammanskraal, pafupi ndi Pretoria. Kupereka n'kosavuta kusiyana ndi kusamala chimene chaperekedwa.

Dziko lino lili ndi maphunziro akeake. Mu 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali ganizo labwino, koma makalasi ndi aphunzitsi sizinakonzedwe mofanana ndi anawo, ndipo ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. Ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene boma la chipani chino linayambitsa litalowa mu 2014, inafoletsa nyumba za mabanja ambiri amene sakanatha kugula lata limodzi. Otsutsa a nthawi imeneyo anaidzudzula kuti inkakondera a chipani, ndipo gawo la ngongole silinabwezedwe mmene linayenera. Chipani chimene chimadzidalira sichiopa kuvomera zimenezi, pakuti wokana chilonda amachikulitsa.

Pali chitsanzo chinanso, chochokera m'boma la Chiradzulu lomweli, chosonyeza kuti chaulere chimatheka chikawerengedwa bwino. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere m'bomali, pa nthawi imene ambiri ankati Afirika wa kumudzi sangathe kusunga nthawi yomwera mankhwala. Ntchitoyo inatsitsidwa kuchoka ku chipatala chachikulu kupita ku zipatala zing'onozing'ono, ndipo anamwino ndi othandiza madokotala anaphunzitsidwa kuigwira. Mu 2004 boma linayamba kupereka mankhwalawa m'dziko lonse ndi thandizo la Global Fund. Zinatheka chifukwa panali kaundula, panali wowerenga mabotolo, panali wotsatira wodwala amene waphonya tsiku lake, ndipo panali wolipira wodziwika. Ngakhale pamenepo, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri mu 2025, Amalawi anakumbutsidwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NZERU YA MAKOLO PA MADZI

Njira imene inapindulapo pa nkhani ya madzi a kumidzi ndi ya mgwirizano wa boma ndi anthu. Mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kunayambika ntchito yotsitsa madzi a m'phiri ndi mapaipi popanda injini. Boma linapereka mapaipi ndi akatswiri, ndipo anthu a m'midzi, motsogozedwa ndi mafumu ndi makomiti awo, anakumba ngalande ndi makasu awo. Ntchitoyo inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku maboma ena, ndipo alendo ochokera m'mayiko ambiri ankabwera kudzaphunzira. Ngakhale mjigo wa mtundu wa Afridev, umene wadzaza m'midzi ya mu Afirika, unayambira kuyesedwa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula ndi sipanala imodzi, kusolola ndodo zake, ndi kusintha timphira timene timatha msanga.

Mipopi yambiri ya nthawi imeneyo inauma pambuyo pake, ndipo chifukwa chake chiyenera kunenedwa mosabisa. Mitengo ya kumene madzi ankachokera inadulidwa, makomiti anafooka, ndipo anthu anazolowera kumva kuti chilichonse adzabweretsa ndi wandale. Lero m'midzi yambiri muli mijigo yakufa imene yaima ngati zipilala za manda, pamene chofunika kuti idzuke ndi kamphira ka mtengo wosafika wa nkhuku imodzi. Wofuna voti amakonda kukumba mjigo watsopano, chifukwa pa mjigo watsopano pamakhala mwambo, nyimbo ndi chithunzi. Pa kamphira palibe amene amavina. Apa ndi pamene otsutsa ndi olamula akhala akulakwa mofanana.

Khoti linaona vuto limeneli. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la Malawi Local Government Association linakasuma, oweruza anagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumba la chitukuko cha m'madera, lija linayamba mu 2006, pakuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, osati kugawa makontirakiti. Chiphunzitso chake n'chomveka kwa aliyense wogwira ntchito pa khonsolo: ndalama za chitukuko zikadutsa m'manja mwa khonsolo, chala cholozera cholakwa chidzaloza bwanamkubwa, mkulu wa zomangamanga, khansala ndi komiti ya chitukuko ya m'dera. Sipadzakhalanso pobisala.

NTCHITO YA MEMBALA NDI YA WOGWIRA NTCHITO M'BOMA

Choyamba, aliyense adziwe dera lake ndi manambala. Wapampando wa nthambi ya chipani ku Mbulumbuzi amene sadziwa kuti m'dera lake muli mijigo ingati, yogwira ntchito ingati, yakufa ingati ndipo inafa liti, alibe chimene angayankhe wotsutsa. Chimodzimodzi mlangizi wa zaumoyo adziwe nyumba zopanda chimbudzi, ndipo wa zankhalango adziwe mauvuni amene akufuka m'dera lake. Manambala amenewa apite ku khonsolo ali oona. Lipoti lokometsera zinthu kuti bwana asangalale ndi mphatso kwa otsutsa, chifukwa tsiku lina choonadi chidzatulukira m'Nyumba ya Malamulo nduna isanachidziwe.

Chachiwiri, kukonza kutsogole, kumanga kutsatire. Mjigo wakufa udzutsidwe usanakumbidwe wina pafupi pake. Komiti ya mjigo ikhale ndi buku lake la zopereka za mwezi ndi mwezi, liwerengedwe pa bwalo la nyakwawa anthu onse akumva, ndipo okalamba ndi amasiye asathamangitsidwe pa mjigo chifukwa chosowa ndalama. Pamenepa a kumanzere akunena zoona: madzi akumwa asamanidwe munthu chifukwa cha umphawi. Mudzi ungathe kusenza okalamba ake ngati ena onse apereka.

Chachitatu, malamulo amene alipo agwire ntchito mosayang'ana nkhope. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa. Mu 2023, Freddy atangodutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Malamulowa amafa pamene wa njinga walandidwa thumba limodzi la makala koma lole ya munthu wodziwika yadutsa pa rodibuloko. Amafanso pamene nyakwawa yagawa malo m'khwawa, ndipo akuluakulu a chipani atseka maso poopa kutaya mavoti. Banja limene lauzidwa kuti lichoke m'mphepete mwa phiri lisonyezedwe kumene lipite, kukhale madzi ndi sukulu, apo ayi lidzabwerera mvula ikangokata. Ndipo mbande zobzalidwa m'nyengo yobzala mitengo ziwerengedwenso m'mwezi wa Okutobala, pakuti mtengo wowerengedwa pa tsiku la mwambo wokha sunagwirepo nthaka.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chachikulu kuposa zonse, khadi la chipani lisakhale chiphaso cholandirira thandizo. Mndandanda wa olandira malata, chimanga kapena malo ulembedwe poyera, ndipo wovotera chipani china alowemo ngati ali woyenera. Napolo atatsika ku Ntauchira sanafunse mtundu wa nsalu imene munthu anavala pa msonkhano. Membala amene amalowetsa achibale ake m'kaundula, ndi kalaliki amene amatulutsa mankhwala a boma pa khomo la kuseri kukawagulitsa pa msika, ndi amene amalembera otsutsa zokamba zawo. Iwowa amawononga chipani kuposa phungu aliyense wa mbali inayo, ndipo mwambo wa chipani uyenera kuyamba ndi iwo.

Otsutsa adzapitiriza kufunsa, ndipo ndi bwino kuti atero. Dziko lino linalawa kale kuwawa kwa Nyumba ya Malamulo yopanda mafunso. Ayankhidwe mwaulemu, ndi manambala, ndipo afunsidwe nthawi zonse kuti wolipira ndani ndipo wokonza ndani. Koma yankho limene anthu adzalikhulupirire silidzaperekedwa ku Lilongwe. Pofika chisankho cha 2030, mayi wa ku Mbulumbuzi sadzakumbukira amene analankhula mokoma pa tsiku la bajeti. Adzakumbukira ngati mjigo wa m'mudzi mwake unatulutsa madzi m'mwezi wa Okutobala, ngati denga lake linapirira mvula ya Febuluwale, ndi ngati anapeza mankhwala tsiku limene mwana wake anatentha thupi. Mutu umodzi susenza denga. Aliyense, kuyambira wapampando wa nthambi mpaka bwanamkubwa, agwire mbali yake ya dengalo nthawi ikadalipo, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu.